Mutu 6: Kadontho Kolendewera

1. Kapitawo wosagwira wilibala

Dzina lake lenileni linalipo, koma ankalidziwa ndi a ku ofesi ya mayeso okha. Ena onse ankangoti Kanjerwa. Anamupatsa dzinali ndi bambo ake, mmisiri womanga nyumba, ati chifukwa ali wakhanda anali wofiira ndiponso wolemera. Dzinalo linamukakamira mpaka ku yunivesite.

Kanjerwa anali m'chaka chomaliza cha maphunziro ake. Masana ambiri ankakhala mu labotale ya a Pulofesa, mayi wamfupi wa imvi amene sankadziwa kuyenda pang'onopang'ono. Ntchito ya mmenemo inali yofufuza mabakiteriya, tizilombo tija timadwalitsa anthu koma sitioneka ndi maso.

Tsiku lina bambo ake anamufunsa chimene ankachita tsiku lonse atavala chijasi choyera ngati wogulitsa nyama. Kanjerwa anawafotokozera m'chinenero cha ntchito yawo yomwe. Anati bakiteriya aliyense amadzimangira khoma lomuzungulira, ndipo khomalo likang'aluka amaphulika n'kufa. Omanga khomalo ndi mapuloteni, tinthu tating'ono zedi ta m'thupi mwake. Mankhwala ambiri a kuchipatala amapha mabakiteriya pogwira manja omangawo. Koma pali puloteni ina imene sigwira njerwa. Ntchito yake ndi kuuza anzake poyambira, nthawi yomanga ndi nthawi yoleka.

"Ameneyo ndi kapitawo," anatero bambo ake akuseka. "Ndiye kuti nakonso kuli anthu ongoloza chala, osagwira wilibala."

Kuyambira tsiku limenelo puloteniyo inasanduka Kapitawo. Dzinalo linalowa mpaka mu labotale, moti a Pulofesa omwe ankalitchula nkhope ili gwa, ngati lochokera m'buku.

Chimene onse ankafuna chinali kudziwa maonekedwe a Kapitawo, pamene pali kaphako ndi pamene patukuka. Ukadziwa zimenezo, mwina tsiku lina ungapange mankhwala omutseka pakamwa, omanga n'kusokonezeka, khoma n'kugwa. Koma puloteni sungaijambule ikusambira m'madzi. Imayenera iyambe yaundana n'kupanga timiyala tonga ta mchere, kenako timiyalato amatiumitsa n'kutitumiza kunja kwa dziko, kumene kuli chimakina chachikulu chounikira.

Kumeretsa timiyalato ndiye inali nkhondo. Ankatenga thireyi ya pulasitiki yokhala ndi timaenje, m'kaenje kalikonse n'kuthiramo madzi a mankhwala. Kadontho ka puloteni ankakaika pa kagalasi, kagalasiko n'kukatembenuza, n'kuvundikira nako kaenje. Kadonthoko kankangolendewera chazondoka pamwamba pa madziwo. Akatero ankaika thireyi m'chipinda chozizira n'kuyamba kudikira.

Amene anadikira kwambiri anali Magalasi, mnyamata wamtali amene ankachita maphunziro apamwamba. Iyeyu ndiye ankasefa puloteniyo, ndipo zaka zinali zitamuthera pa ntchito imeneyi. Anzake anamaliza, ena mpaka kukwatira, iye akadali pa mathireyi. Digiri yake yonse inali kudikira timiyala timeneti.

Ndiye m'mawa wina Kanjerwa anaika thireyi imene anakonza yekha pansi pa makina okulitsira zinthu. M'kadontho ka pakona munali timiyala towerengeka, tonyezimira, ta ngodya zakuthwa. Anaitana Magalasi. Mkuluyo atasuzumira anavula magalasi ake, n'kukhala pansi penipeni pa simenti yozizirayo.

A Pulofesa anabwera akuthamanga. Anayang'ana nthawi yaitali. Atadzutsa mutu sanayambe ndi kuyamikira ayi, anayamba ndi chenjezo.

"Tamverani nonse, makamaka iwe Kanjerwa, poti mwayi wagwera manja ako. Thireyi iyi kuyambira lero si yako, si yanga, si ya Magalasi. Ndi ya tonse, ndiponso ya odwala amene sitidzawaona n'komwe. Isatuluke m'chipinda chino. Musaipendeke, musaigwedeze, musaiike potentha. Kadontho aka kangolendewera, palibe chakagwira. Kakagwa, kagwa basi. Ine ntchito imeneyi ndinaiyamba tsitsi lili bii, ndipo ndaona anthu a ndevu zawo akulira chifukwa wina anangomenyetsa chitseko. Musandiuze kuti tidzapanga tina. Puloteni ilibe pangano ndi munthu. Mutha kuchita zonse monga munachitira, madzi omwewo, mchere womwewo, manja omwewo, chaka n'kutha osamera kanthu. Mtima wa achinyamata ndimaudziwa. Chinthu chikakoma mumafuna dziko lonse lione. Jambulani chithunzi, mukaonetse chithunzicho. Botolo loumitsira timiyalati lifika sabata yamawa. Tikatiumitsa ndi pamene tidzavine."

Onse anavomera. Kanjerwa ndiye anavomera mokweza kuposa ena.

2. Bedi la pafupi ndi zenera

Nthawi imeneyi n'kuti bambo ake a Kanjerwa ali gone m'chipatala. Nkhani yake inayamba ngati masewera. Lata linawacheka pa mwendo ali pa ntchito, iwo n'kungomangapo kansalu. Bala litayamba kutupa anagula makapisozi kwa munthu wina wogulitsa pamsika. Ululu ukachepa ankasiya, ukabwerera ankagulanso. Pamene amayi anawakakamiza kupita kuchipatala, mwendo unali utatupa mpaka m'bondo.

Madokotala anayesa mankhwala awa, anayesa awo, koma tizilomboto sitinamve. Thupi la munthu amene ankanyamula thumba la simenti ngati pilo linayamba kutha, anthu akuona.

Madzulo a tsiku la timiyala lija Kanjerwa anathamangira ku wodi. Anapeza amayi akuwapukuta thukuta bambo, botolo la diripu likudontha pambali. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi. Anawauza kuti Kapitawo wagwidwa tsopano, wasiya kuthawathawa.

Bambo anaigwira foniyo, kuiyandikitsa, kuitalikitsa, kenako n'kuibweza.

"Pa foni aliyense amamanga nyumba yokongola," anatero. "Ine anthu andionetsapo zithunzi za nyumba zoti ukapitako umapeza mbuzi zikulowera pa ming'alu. Ntchito ndimaikhulupirira ndikaiona ndi maso angawa."

Amayi anawadzudzula kuti asiye kuvutitsa mwana. Bambo anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Chifuwa chitatha anamugwira Kanjerwa dzanja, ndipo nthabwala zinali zitachoka pa nkhope pawo.

"Ndakulipirira sukulu ndi msana uwu, koma chimene umamanga sindinachionepo. Nyumba zanga iwe unazilowa zonse. Ndikanakonda nditamuona kapitawo wakoyo ndisanapite."

Kanjerwa anawafunsa kuti akupita kuti, poti adokotala sanawatulutse. Bambo anangomusiya dzanja. Amayi anatembenukira ku zenera n'kuyamba kupinda nsalu imene inali yopindapinda kale.

Masiku otsatira Kanjerwa anatanganidwa ndi mayeso, ndipo ankangoimba foni. Loweruka m'mawa amayi ndi amene anaimba. Anati adokotala anena kuti matenda alowa m'magazi, ndipo achibale amene akufuna kudzaona wodwala asachedwe. Mawu awo anali ouma, a munthu amene walira mpaka misozi kutha.

3. Thireyi m'chikwama

Loweruka masana labotale inkakhala zii. Kanjerwa anali ndi kiyi chifukwa inali sabata yake yoyang'anira mafiriji. Analowa m'chipinda chozizira, nayatsa nyale, n'kuima kutsogolo kwa shelefu.

Pa thireyi paja Magalasi anali atamatapo kapepala kolembedwa ndi inki yofiira kuti OSAGWIRA. Kanjerwa anakawerenga. Anatuluka, anakafika mpaka pa chitseko cha panja, kenako n'kubwereranso.

Tisamunamizire mwanayu kuti anaiwala chenjezo. Ankalikumbukira liwu ndi liwu. Koma anadziuza kuti a Pulofesa amakokomeza zinthu monga amachitira akuluakulu onse, kuti chipatala si kutali, ndipo kuti pofika madzulo thireyi idzakhala itabwerera pamalo pake popanda wodziwa.

Anachita zonse mosamala, ndipo n'zimene zimapweteka mtima. Anatenga kabokosi, pansi n'kuyalapo thaulo. M'mbali anaikamo mabotolo a madzi ozizira. Thireyi anaikhazika pakati bwinobwino, bokosi n'kulilowetsa m'chikwama chachikulu. M'thumba la malaya anaikamo galasi lokulitsira zinthu, lija la chogwirira. Potsika masitepe ankayenda ngati wanyamula mbale yodzaza msuzi wotentha.

Kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Pa siteji anadikira minibasi yoti apeze mpando wakutsogolo, koma zonse zinkabwera zodzaza. Nthawi yoonera odwala inali kuyandikira. Anakwera imene inalipo, nakhala kumbuyo, chikwama pamiyendo, atachikumbatira ndi manja onse awiri.

Kondakitala anamuseka kuti kodi m'chikwamamo muli mwana kapena mazira. Mayi wina wa dengu anamupempha kuti asunthe pang'ono, ndipo Kanjerwa atakana, mayiyo anauza basi yonse kuti ana a sukulu a masiku ano alibe mwambo. Iye anangolimbitsa manja pa chikwama. Maso ake anali pa msewu, kuwerenga maenje asanawafike.

Dalaivala anapewa maenje ambiri ndithu. Koma pafupi ndi mlatho njinga inatulukira mwadzidzidzi, iye n'kuponda buleki. Anthu onse anagwera kutsogolo. Dengu la mayi uja linagunda chikwama, chikwama n'kupendekeka mpaka kugunda mpando. Anthu anatukwana wa njinga, ena anaseka, basi n'kupitirira. Kanjerwa anachiwongola chikwamacho msangamsanga.

Atafika kuchipatala sanalowe mu wodi nthawi yomweyo. Anaima pa khonde, pamene panali kuwala, natsegula bokosi. Mabotolo aja anali atafunda. Anatulutsa thireyi, naika galasi pa kaenje ka pakona.

Kagalasi kanali kopanda kanthu. Panangotsala kachizindikiro kozungulira pamene panali kadontho. Kadonthoko kanali katagwera m'madzi a pansi, ndipo madziwo anali mbuu ngati otsukira mpunga. Anayang'ana maenje ena onse, ngakhale ankadziwa kuti munalibe kanthu chiyambire. Zaka za Magalasi zinathera pa mlatho paja, abale, chifukwa cha njinga ndi dengu.

Belu la nthawi yoonera odwala linalira. Anthu a mabasiketi ndi mafulasiki anayamba kumudutsa. Kanjerwa anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, nanyamula thireyi yake, n'kulowa nawo.

4. "Ndamuona"

Bambo anali atawakhazika motsamira mapilo. Masaya anali atalowa, milomo itauma. Kanjerwa anaima kumiyendo kwa bedi, koma iwo sanamulonjere. Anangoti maso tong'o kuyang'ana kukhomo. Atawapatsa moni ndi pamene anatembenuka.

"Ndi Kanjerwa kodi?"

Amayi anayankha msanga kuti bambo angodzuka kumene, tulo tisanawathere. Kenako anaona thireyi ija n'kufunsa kuti chimenecho n'chiyani.

"Bambo, ndabwera naye Kapitawo," anatero Kanjerwa.

Nkhope ya bambo inawala. Anatambasula manja, ndipo iye anawaikira thireyi m'manjamo. Zala zawo zokhakhala zija zinayenda m'mbali mwake, kupapasa ngodya iliyonse monga ankachitira ndi njerwa asanaigule. Kanjerwa anawapatsa galasi n'kuwauza kuti ayang'ane kaenje ka pakona. Koma bambo galasilo analiika pakati. Kanjerwa anawagwira dzanja n'kulisunthira pakona, akuganiza kuti ndi kufooka.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kanjerwa anali atakonza kale bodza lake, loti timiyalato ndi tating'ono kwambiri, galasi ili silikwanira. Koma bambo anamutsogolera.

"Ndamuona," anatero. "Eya, ndamuona. Ngodya zake n'zowongoka bwino. Apa levulo yoyezera khoma siikufunika. Mwana wanga, iwe ndiwe mmisiri."

Bambo anatsitsa galasi, koma thireyi sanaisiye. Anaigwiragwira pansi pake ndi chikhatho, namva kuti yafunda, ndipo anamufunsa ngati si iye amene ananena kuti Kapitawo amakhala kozizira. Anafunsanso ngati aphunzitsi ake akudziwa kuti chinthucho chatuluka. Kanjerwa anati akudziwa. Mawuwo anatuluka otsika kwambiri, moti ngakhale mwana akanadziwa kuti ndi bodza.

Bambo anapuma kaye, kusonkhanitsa mphamvu.

"Khala apa, undimvere, poti mpweya wanga ndi wowerengeka. Ine ndamanga nyumba zambiri. Zimene zinang'aluka sizinang'aluke chifukwa cha njerwa zoipa ayi. Chinali changu. Mwini nyumba amabwera khoma likadali laliwisi, akuti ikani denga lero, alendo akubwera. Ukamumvera chisoni n'kuika, mvula yoyamba yomwe mng'alu uwo. Ndiye chisoni chako chamuthandiza chiyani? Mwendo uwunso ndaupha ndekha ndi changu. Makapisozi ndinkamwa pang'ono, ululu ukangoti zii ndathamangira ku ntchito. Anamwino andiuza kuti mabakiteriya ofooka okha ndi amene ankafa, olimba n'kumatsala, n'kumaswana. Lero ndi awa atenga nyumba yonse. Ndinkati ndikuchitira inu, kuti fizi isachedwe. Taona tsono pamene ndakufikitsani. Iwe usatengere ine. Akakuuza kuti dikira, dikira, ngakhale wokupempha akhale bambo ako. Ine ndinalakwa kukupempha. Pakamwa pa wodwala pamatuluka zambiri. Tsono tenga chinthuchi ubwerere nacho kumene unachitenga. Ngati pali choti unene kwa aphunzitsi ako, ukanene ndi pakamwa pako. Asachite kumva kwa wina."

Atatero anatsamira pilo n'kutseka maso. Kanjerwa anagwada pambali pa bedi, mutu n'kuuika pa dzanja lawo, ndipo analira mosatulutsa mawu kuti odwala ena asamve. Dzanjalo linali lotentha ngati lata la masana. Bambo anamusisita tsitsi mpaka belu lotulutsa anthu linalira.

Amayi anamuperekeza. Anayenda mpaka pa khonde paja. Pamenepo Kanjerwa analephera kupirira, ndipo anawauza zonse: za chenjezo, za njinga, za kadontho kamene kanagwa. Anati sakumvetsa chimene bambo aona, chifukwa m'kaenjemo mulibe kanthu.

Amayi anamuyang'ana, kenako anakhala pa benchi.

"Mwana wanga, bambo ako maso anasiya kuona dzana. Ngakhale ine sakundiona, amandidziwira mawu. Anandiletsa kukuuza, ati ungasokonezeke pa mayeso. Ukanandifunsa usananyamule, ndikanakuuza."

Kanjerwa anayang'ana thireyi imene inali m'manja mwake. Kapepala ka inki yofiira kaja kanali katanyowa, zilembo zitayenderera. Anakhala pa benchipo pafupi ndi amayi ake. Wantchito wina anadutsa akukolopa, nawapempha kuti akweze miyendo. Onse awiri anakweza.

Foni inalira m'chikwama. Anaisiya mpaka inaduka. Inaliranso. Amayi anamuuza kuti ayankhe, mwina n'zofunika. Anali a Pulofesa, ndipo mawu awo anali achimwemwe, mmene Kanjerwa anali asanawamvepo.

"Kanjerwa, botolo lija lafika lero, silinadikire sabata yamawa. Ndili pano ndi Magalasi, wavala kale magolovesi. Tati tisayambe popanda iwe, poti timiyalati ndi ta manja ako. Koma pa shelefu sitikuiona thireyi. Waisunthira pati?"

Kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka Magalasi akuimba kanyimbo, akutsegula ndi kutseka makabati. Kanjerwa anatsegula pakamwa. Amayi anamugwira bondo n'kuloza ndi mutu ku zenera la wodi, kumene bambo ake anagona.

"Musafunefune," anatero Kanjerwa. "Ili ndi ine. Ndikubwera nayo."

Kanyimbo ka Magalasi kanaduka.